Mapiri a Kuseri kwa Mabvuku

Botolo lija poyamba linali la zakumwa zamalalanje, koma ine ndinalidziwa ngati botolo la tiyi. Amalume ankaliveka sokosi yaubweya yobooka pachidendene kuti tiyi asazizire msanga, kukamwa kwake n'kutsekako ndi chitsononkho. Akalitulutsa m'chikwama, linkanunkhira utsi wa nkhuni ndi shuga wopserera. Linkayenda nafe Lamulungu lililonse m'nyengo yachisanu ya chaka chimene nkhondo inayandikira tauni.

Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Mabvuku, lokesheni ya kunja kwa tauni m'dziko la Achishona, kutali ndi kwathu ku Malawi, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ine ndi amayi. Bambo ankagwira ntchito kumgodi wakutali ndipo ankabwera pa Khirisimasi pokha. Achimwene anga anali atachoka dzinja litangotha. Anatuluka m'mawa ngati akupita kusukulu, osabwereranso. Aliyense mumsewu mwathu ankadziwa kumene anyamata otere ankalowera, kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, kukalowa gulu la omenyera ufulu, koma palibe ankatchula. Ine ndinawaona akupinda bulangete m'chikwama cha mabuku, ndipo anandigwira pakamwa ndi chala. Amayi anandiphunzitsa yankho limodzi lokha: "Wina akakufunsa, achimwene ako ali ku Malawi kwa agogo."

Kenako ndinadwala chibayo. Ndinachira, koma chifuwa chinatsala. Ndikangothamanga pang'ono, m'chifuwa munkalira ngati kamwana ka mphaka. Aphunzitsi ankandisiya m'kalasi anzanga akamapita kubwalo. Anamwino a kukiliniki anauza amayi kuti mapapo anga akufuna mpweya wabwino ndi kuyenda, osati kugona. Mpweya wabwino ukanachokera kuti? M'mwezi wa Juni utsi wa mbaula za nyumba zonse unkagona pamwamba pa lokesheni mpaka dzuwa litakwera.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndi amene anati anditenga. Ankanyamula matumba kunyumba yosungiramo katundu ku Graniteside, ndipo tsiku lawo lopuma linali Lamulungu lokha. Anabadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo ali mnyamata ankatsitsa matabwa pamutu kuchokera pamwamba pake. Anansi athu Achishona ankawatcha sekuru, ndiko kuti amalume m'chiyankhulo chawo. Amayi anakana poyamba, ati kutchire kuli asilikali a boma. Amalume anangoti, "Mlongo, mwanayu akakhala m'nyumba muno, chifuwa chimudya tikuona." Amayi anatenga singano. Anandisokera chipewa chaubweya.

Tinkanyamuka mapemphero a m'mawa akangotha. Nyumba zikatha, pankayamba minda ya chimanga chokolola kale, mapesi ali gwa. M'malo amthunzi udzu unkakhala utayera ndi chisanu ngati wawazidwa mchere, ndipo unkalira tsaa pansi pa nsapato zanga za tenesi. Kutsogolo kunali mapiri a miyala yosanjikizana. Amalume ankawaseka. "Awa si mapiri, ndi zulu za chiswe. Komabe tiyeni tiwapatse ulemu."

Ulendo woyamba sindinafike ngakhale pathanthwe loyamba. Ndinakhala pansi n'kulira, ndikutsokomola mpaka kusanza. Amalume sanandinyengerere, sanandikalipirenso. Anadikira, akusenda mbatata yophika ndi chikhadabo. Nditatonthola anati, "Lero tafika pa mtengo uwu. Uwuone bwino, sabata yamawa tiwupitirira." Pobwerera anandibereka kumbuyo, ine wamkulumkulu, miyendo ikulendewera.

Anali ndi lamulo limodzi: sitibwerera njira imene tadzera. Tinkakwera mbali ya kum'mawa kumene dzuwa linali litafunditsa kale mwala, n'kudutsa pamwamba, n'kutsikira m'khwawa lakuya lopapatiza kuseri kwa phiri, kenako n'kutsata kamtsinje kake mpaka kutulukira kumsewu wafumbi wobwerera kwathu. Lero ndimaganiza kuti ankadziwa mtima wa mwana wodwala. Njira ikakhala yozungulira, ukafika pakati sungapemphenso kubwerera.

Lamulungu lachinayi ndinafika pamwamba ndi miyendo yanga. Mphepo inandimenya kumaso mpaka misozi. Pansi, Mabvuku yense anali kamalo kakang'ono, madenga otuwa pansi pa chinsalu cha utsi, ndipo ndinadabwa kuti anthu tonse aja, ndi mantha athu onse, tinkakwana mmenemo. M'ming'alu ya miyala munali zomera zaminga zonga khonje, zitatulutsa maluwa ofiira psuu pamene china chilichonse chinali chouma. Mbira zinkaothera dzuwa, zikatiwona n'kulowa m'mapanga. Amalume anandithyolera matowo, ndinatafuna mpaka nsagwada kutopa.

M'khwawa munali dziko lina. Dzuwa silinkafikamo mpaka masana. Makoma amiyala anali onyowa, obiriwira ndi ndere, ndipo madzi a m'kamtsinje ankapweteka mano. Tsiku lina tinapeza madzi ataundana pakadzenje ka pamwala, opyapyala ngati galasi la nyali. Ndinawanyamula, anasungunukira m'manja. Mmenemo ndi mmene tinkakhala pansi n'kumwa tiyi, kumwera pabotolo mosinthana. Amalume ankasimba za nkhungu ya ku Mulanje imene imabisa munthu amene uli naye pafupi, ndipo ankayankhula Chinyanja chakumudzi chimene ine, mwana wokulira m'Chishona, ndinkachitola pang'onopang'ono. Chimene ndikulemba nachochi ndinachitola m'khwawa limenelo.

Asilikali anatipeza momwemo, Julayi akupita kumapeto. Sitinawamve akubwera. Ndinangoona amalume aleka kutafuna. Anali asanu, anayi akuda ndi mzungu mmodzi wachinyamata, wosendeka khungu pamphuno. Mfuti zinaloza kwa ife.

Amalume amene ndinkawadziwa anasowa pomwepo. M'malo mwawo munali munthu wina, wovula chipewa, wogwada pamiyala yonyowa, wosekerera mano onse pamtunda. Anapereka chitupa ndi manja awiri. Ankayankha m'Chishona chophotchoka dala, chimene sindinawamvepo akuyankhula, n'kumangoti bwana, bwana. Mmodzi anakhuthula chikwama chathu. Anati mbatata zimenezi tikupititsira anyamata a m'tchire. Anathira tiyi pansi, n'kulamula amalume kuti adye mbatata zonse zinayi, ndi makoko omwe, iwo akuonerera. Amalume anadya. Anatsamwa, asilikali anaseka, iwonso anaseka nawo.

Kenako mmodzi wa akuda aja ananjuta patsogolo panga. Anali ndi mawu ofatsa, ngati a aphunzitsi. Anandifunsa m'Chishona dzina langa, msewu wathu, ndiponso ngati kunyumba kuli achimwene. Yankho la amayi linandithawa m'mutu. Chimene ndinkachiona ndi bulangete lija likulowa m'chikwama. Ndinatsegula pakamwa, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chikanatuluka.

"Bwana, musayandikire!" anakuwa amalume, akukwawa ndi mawondo kubwera pakati pathu. "Mwanayu ali ndi chifuwa chachikulu, amalavula magazi. Samva Chishona, wangobwera kumene kuchokera ku Nyasalande. Achipatala anati tizimuchotsa pakati pa anthu."

Ndi mantha, ndinatsokomoladi, chifuwa chenicheni, chosaleka. Msilikali uja anadzuka msanga n'kubwerera m'mbuyo, akupukuta manja pabuluku. Mzungu ananena mawu awiri atatu m'Chingerezi. Anaponya chitupa m'madzi, natiuza kuti tisadzaonekenso kumeneko.

Amalume anavuula chitupa chawo, anatola botolo, ndipo tinatsiriza njira yathu kutsata kamtsinje. Ine ndinkayenda patsogolo, kutali nawo. Atandipatsa dzanja podumpha mwala, ndinalikana. Ndinali ndi manyazi owawa. Munthu amene ankaseka mapiri anali atagwada pamaso pa mnyamata, atanama kuti ndine wodwala matenda onyansa, ataseka pamene ankamuseka.

M'khwawa lija sitinapitenso. Koma Lamulungu lotsatira amalume anafika pakhomo nthawi yomwe ija, ndipo anandipeza njira ina, yozungulira timapiri tapafupi ndi minda, nyumba zikuoneka. Tinayenda choncho mpaka mphepo ya Ogasiti inayamba kuulutsa fumbi. Pamene sukulu inkatsegulira chigawo chomaliza, ndinathamanga kuzungulira bwalo lonse, aphunzitsi atagwira m'chiuno kudabwa. Chifuwa chija sichinabwerenso. Achimwene anabwerera nkhondo itatha, owonda, osakonda kuyankhula, koma amoyo, ndipo palibe amene anadzagogoda pakhomo pathu kudzafunsa amayi za iwo. Amalume anapita kwawo ku Mulanje atakalamba, ndipo anamwalira ine ndisanapeze mawu owathokozera. Mpweya umene ndikupuma lero, ndi mwendo umene umandikweza mapiri mpaka pano imvi zili mbuu, ndi iwo anandipatsa.

Tsiku la asilikali lija titafika kunyumba, ndinathamangira kwa amayi kukhitchini n'kuwanong'oneza kuti amalume ndi amantha. Amayi anandiyang'ana, kenako anayang'ana mlongo wawo amene anali atakhala pakhonde, mawondo a buluku ali nyowe ndi matope. Sanandimenye. Anatunga madzi m'kapu n'kundituma kuti ndikawapatse, ndigwade popereka.

Ndinagwada monyinyirika. Amalume analandira kapu ndi manja awiri, koma manjawo ankanjenjemera kwambiri moti madzi ankatayikira pamalaya, kapu n'kumagunda mano. Anaiika pansi osamwa. Anandigwira pamutu, dzanja lawo likunthunthumirabe pachipewa changa, n'kundiuza kuti lero ndayenda bwino, sindinapume ngakhale kamodzi.

Dzuwa linali likuwala pakhonde ponse. Ndinalowa m'nyumba kukawatengera bulangete, poganiza kuti akumva chisanu.