Tsiku Limene Ndinanamizira Mtsikana wa pa Tivi

Ndikukumbukira fungo la m'nyumba ya ba Namakau masana: polishi wofiira wa pansi, thukuta la anthu opanikizana, ndi sopo. Makamaka sopo. M'mzere wathu wonse ku komboni ya Libuyu, tivi inali yawo yokha. Ikakwana fotini awazi, 2 koloko masana, azimayi ankasiya mabafa a zochapa pakhomo n'kulowa manja akudontha thovu, kukaonera sewero lija losatha la anthu akunja olemera, amene ntchito yawo inali kulira ndi kulandana amuna.

Masewerowa ankawatcha masopo. Ine ndinkayesa dzinali analipeka iwo eni, chifukwa sewero likaima kuti aonetse malonda a sopo wochapira, onse ankathamangira panja, wina kukatsukuluza, wina kukafinya, wina kukayanika, n'kubwerera nyimbo ya malondayo isanathe. Chaka chatha ndi pamene gogo wina wachizungu, amene ndinkamugulitsa mvuu yosema ku Mukuni Park, anandiuza kuti dzinali ndi lakale, la kwawo ku Amereka. Akuti masewero otere anayambira pa wailesi, ndipo owalipirira anali makampani a sopo, podziwa kuti masana amene ali pakhomo ndi mayi, wogula sopo ndi yemweyonso. Ndinaseka mpaka ndinamutsitsira mtengo. Kani azimayi a ku Libuyu ankachita ndendende zimene anawakonzera anthu amene sanawaonepo.

Ine ndinkalowamo ngati womasulira. Ndinali giledi faivi, ndipo kusukulu ndinkadziwika ndi zinthu ziwiri: Chizungu ndi ndewu. Ana ena ankawathamangitsa, koma ine amayi anga ankandigwira pamkono n'kundikhazika patsogolo penipeni. Mzungu akalankhula, ine ndinkatembenuza m'Chinyanja, msangamsanga, milomo yake isanatseke. Amayi ankakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo atatambasula. Ankachapira anthu zovala kuyambira tambala woyamba, ndipo pa tsiku lonse, ola limenelo ndi lokhalo limene ndinkawaona manja ali phee pamiyendo.

Sopo wathu anali wa mtundu wake. Mnzawo wa amayi ankagwira ntchito pa loji ina, ndipo ankawasungira tizidutswa timene alendo asiya m'bafa. Amayi ankatinyowetsa n'kutiumba pamodzi kukhala chibuma chimodzi, mbali ina choyera, mbali ina chobiriwira, chonunkhira zinthu zinayi nthawi imodzi. Ine ndinkachikonda. Sindinkadziwa kuti ndi chinthu chochititsa manyazi kufikira Lachitatu lina m'mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa.

Malonda atayamba, ba Namakau sanadzuke pa sofa. Analoza tivi ndi mlomo.

"Amake Jairosi, onani sopo ya zoona. Osati tuja twamene azungu basiya bakasamba. Na chitenje chanu chanyowa, fendelani uko, muzaniwonongela polishi."

Azimayi awiri anaseka, ena anayang'ana pansi. Amayi anamwetulira, nasendera mpaka msana unagunda chitseko. Mtima wanga ndi wapachala chibadwire, ndipo ukayamba ndimamva ngati nyerere zikuyenda m'manja. Koma munthu wamkulu sungamumenye, m'nyumba mwake kumene.

Sewero linabwerera. Dona wa ndolo zazikulu anali kukalipira mtsikana wake wantchito, mtsikanayo atagwada, misozi ili mbwe. Mtsikanayo atatsegula pakamwa, onse anatembenukira kwa ine. Ndinanena mokweza:

"Akuti, madamu, mumazimva chabe. Mabulangeti yanu yanunkha pusi, na wigi yanu mukaiyanika pa waya imaoneka monga khoswe wakufa."

Dona wa pa tivi analibe mphaka. Ba Namakau anali naye, ndipo wigi yawo inali pa waya panja nthawi yomweyo, aliyense anaidutsa polowa. Mayi wina anaphulika kuseka n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Pa tivi mtsikana uja anali kupsompsona dzanja la dona wake, zosagwirizana ngakhale pang'ono ndi mawu amene ndinamuika m'kamwa. Ba Namakau anadzuka, nazimitsa tivi, naiphimba ndi kansalu kake koluka. Anangoti amene ali ndi mwana wopanda mwambo akagule yake.

Tinabwerera kunyumba, amayi patsogolo. Bafa pamutu, ine pambuyo ndi ndowa, ndikuwerengera kale zikoti. Titafika anatula katundu, nayanika malaya atatu, kenako anatembenuka n'kunena m'Chizungu chosalala, liwu ndi liwu, zimene mtsikana uja ananena: kuti amukhululukire, sadzabwerezanso, alibe kwina kopita. Ndowa inatsala pang'ono kundipulumuka.

"Mami, kansi mumamvela Chizungu?"

"Ninasebenza ku mayadi ya ku Highlands zaka zingati iwe ukalibe kubadwa? Uganiza madamu wanga ninali kukamba naye na manja?"

"Manje mumanitengela chani?"

"Fotini awazi ndiye nthawi yamene umamenyana na banzako ku pompi. Ukankala pakati pa ine na tivi, niziba kwamene uli." Anafinya siketi, madzi akutsikira m'zigongono. "Na Chizungu chako chinali kukula. Ninali kumvela."

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Mawa lake fotini awazi itakwana, nyimbo ya sewero inamveka kuchokera kwa ba Namakau, ndipo amayi anapitiriza kuchapa, atawerama, osadzutsa mutu. Mkuja wake chimodzimodzi. Ndinaona kuti ndi pakamwa panga ndawalanda ola lawo limodzi lija, ndipo palibe amene akanawabwezera koma ine.

Loweruka m'mawa ndinapita ndekha. Kupepesa kwa ine kuli ngati kumeza mwala, mpaka lero. Ndinagwada pakhonde, mawu anatuluka theka, otsalawo ndinamalizira ndi ntchito: ndinapempha mabulangeti awo onse. Ndinawaponda ndi mapazi m'bafa lalikulu mpaka zala zinachita makwinya, ba Namakau ali pampando kundiyang'anira, mphaka wawo pamiyendo. Mabulangetiwo ankanunkhadi mphaka, koma ulendo uno ndinasunga pakamwa. Nditayanika lomaliza anandipatsa madzi ozizira a m'firiji.

"Wigi ija ninagula ku Lusaka, iwe," anatero. "Uuze banyoko babwele pa Mande. Sitimvela vilivonse kuno."

Sankamvadi kanthu. M'masiku amene tinajombawo, chinsinsi chachikulu cha sewero chinaululika, koma mayi aliyense anali ndi nkhani yake. Wina ankati mtsikana uja ndi mwana wa dona, wina ankati ndi mkazi wachiwiri, wina ankalumbira kuti wamwalira ndipo amene tikumuonayo ndi mapasa ake. Lolemba amayi anakhala pamalo pawo pa chitseko, nandifunsa pamaso pa onse, "Ati bwanji, Jairosi?" ngati munthu wosamva ngakhale liwu limodzi.

Sukulu ndinaisiyira giledi eyiti, nditakankha desiki pokangana ndi aphunzitsi. Amayi analira, ndipo sindinyadira. Koma Chizungu chimene ndimadyera lero pogulitsa ziboliboli sindinachitenge m'kalasi. N'chifukwa chake alendo ena amandiseka kuti ndimalankhula ngati munthu amene mkazi wake wangomuthawa.

Masiku ano m'mzere uja nyumba iliyonse ili ndi tivi, ndipo atsikana amaonera masopo pa foni, aliyense payekha, tizingwe m'makutu. Palibenso wothamangira kukayanika malonda akayamba. Ba Namakau anamwalira osadziwa kuti mayi amene ankamukankhira ku chitseko uja ankamva sewero lonse kuposa womasulira wake. Ndinafunsapo amayi chifukwa chake sanawauze, ngakhale patapita zaka.

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Sembe banakuchosa nchito," anatero.