Mbale imodzi ya mpunga pamsewu wa ku Nkopola

Kuseri kwa mpanda wathu kwa Mponda kumakhala mkulu wina wosoka maukonde. Salankhula zambiri. Amakhala pakhonde ndi ukonde pamiyendo, ndipo akamva kuti wina wadwala safunsa dzina la matenda. Amangofunsa kuti, "Nanga wadya?"

Mkazi wanga Edesi atamwalira, chakudya chinkandikanika kumeza. Patatha milungu iwiri, mkuluyu anafika pakhomo ndi njinga ziwiri za kabaza.

"Tiyeni, achimwene, mundiperekeze," anatero.

Tinakatsikira pa lesitilanti yakalekale ya m'mbali mwa msewu wa ku Nkopola, imene akuti inatsegulidwa anthu akuwolokabe Shire pa pantoni. Anaitanitsa mpunga ndi chambo, mbale imodzi yokha, n'kuikankhira kwa ine.

"Nanga inuyo, bambo?" ndinafunsa.

"Ine ndikusala."

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti unali mwezi wa Ramadani, ndipo mkuluyu ndi Msilamu. Manyazi anandigwira.

"Ndiye ndidye bwanji inu mukungoyang'ana?"

"Ine ndimasula kusala kwanga dzuwa likalowa," anayankha mofatsa. "Inu mudzamasula liti?"

Ndinasamba m'manja. Iwo anakhala nane mpaka m'mbale munatsala minga yokha.