Bwato la Bambo ndi Bodza Langa

Bwato limene linatilera linali la bambo. Mtengo unali wa m'munda mwathu, ndipo msuweni wawo, amene ankadziwa kusema, anawasemera, iwo n'kumupatsa mbuzi. Patapita zaka, msuweniyo anayamba kunena kuti bwatolo ndi lake, anangowabwereka. Kwathu ku Chia munthu wopanda bwato amakhala wokoka makoka a anzake.

Mlandu usanalowe kukhoti, mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, amene kale anali mesenjala wa khoti, anabwera kunyumba.

"Achimwene, amene anaona mbuzi ija anamwalira," anatero. "Mukhoza kuwina, mukhozanso kuluza. Msuweni wanu wavomera kuti muzisinthana, sabata ino inu, yamawa iye. Landirani."

Bambo anatsala pang'ono kuvomera. Wokana ndinali ine. Ndinali nditangoyamba uphunzitsi, sukulu itandikwera m'mutu, ndikudziona ngati loya. Ndinati za mbuzi n'zofooka, bambo angonena kuti bwatolo anasema okha.

"Koma mwanawe, ine sindinasemepo," anatero bambo.

"Adziwa ndani?" ndinayankha. Kalanga ine, pakamwa panga!

Tsiku la mlandu tinaonetsa makadi a chipani pakhomo, monga zinkafunikira masiku amenewo, n'kulowa. Bambo anayankhula monga ndinawaphunzitsira. Wapampando wa khoti sanakalipe ayi. Anangotuma munthu kukatenga kasemasema ndi chipika, tonse n'kutuluka panja.

"Bambo, tasemani pang'ono tione."

Bambo anagwira kasemasema ngati khasu. Atatema koyamba, kanaterereka n'kutsala pang'ono kuwadula chala chakuphazi. Anthu anaseka, ena mpaka kugwira m'mimba. Apo m'pamene bambo anayamba kufotokoza zoona, za mtengo ndi mbuzi.

"Ndiye tikhulupirire ziti?" anafunsa wapampando. Bwato linapita lonse, ngakhale sabata ija sinatchulidwenso.

Bambo anakoka makoka a eni mpaka msana unapindika. Sanandinenepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa akanandimenya.

Tsiku lina masana ndinawapeza padoko akulimbana ndi bwato lija okhaokha. Msuweni uja anali atalisiya padzuwa.

"Bambo, mukuvutikiranji? Si lanunso limeneli."

"Ling'aluka," anatero osandiyang'ana. "Tagwira uko, tilikokere pamthunzi."

Ndinagwira, tinakoka.