Chifuwa cha pa Kaseti

Ku Lungwena kunalibe munthu wowerenga Chingerezi bwino kuposa a Jaffalie Abudu, ndipo amene ankazidziwa kwambiri zimenezo anali iwo eni ake. Anaphunzitsa sitandade sikisi zaka zambirimbiri, kenako anapuma n'kumalima chinangwa ndi kukalipira ana odutsa pakhomo osapereka moni. Anali munthu wa mwambo woopsa. Mbuzi zikayamba zachibwana pabwalo, iwo ankayang'ana kumwamba ngati akuunika mvula.

M'zaka zimene anthu a ku Mozambiki ankatsika m'mapiri kuthawa nkhondo, ntchito ina inawapeza. Nasra, mwana wa mlongo wawo, yemwe chikuku chinam'tseka maso ali wamng'ono, anasankhidwa kukaphunzira zamalamulo ku yunivesite. Mabuku a zilembo zopapasa anali ochepa. Kunali kompyuta imodzi yolankhula, yomwe aliyense ankaitama, koma inkangonena zimene munthu watayipamo. Nanga wotayipa buku la masamba mazana anayi n'kum'peza kuti? Ndiye mabuku ankabwera pa lole, a Jaffalie n'kuwawerengera mu wailesi ya kaseti, makasetiwo n'kubwerera kwa mwini wake.

Ntchitoyo ankaigwira ngati ali m'kalasi. Ankathamangitsa nkhuku, kuyanika mabatire padzuwa kuti abwezeko mphamvu, kuvala jekete ngakhale kutenthe chotani. Akawerenga ndime yovuta ankaima n'kuimasulira m'Chichewa, nthawi zina n'kufunsa wailesiyo kuti, "Wamva?" Zaka ziwiri zinatha Nasra akukhoza bwino, ndipo a Jaffalie ankayenda pamsika ngati digiriyo ili kale m'thumba mwawo.

Chaka chachitatu mtsikanayo anabwera nkhope ili gwa. Anali atalephera phunziro la milandu. Anam'patsa mwayi wolembanso pakatha masabata atatu, akalepheranso basi, anyamule katundu. Anakhala pamkeka, n'kupapasa wailesi, n'kuikamo kaseti. Anamveka mawu a a Jaffalie: "Mutu wachisanu ndi chinayi." Kenako kutsokomola kutatu. Kenako, "Mutu wakhumi."

"Amjomba," anatero Nasra, "chifuwa chimenechi chinameza masamba makumi awiri. Mafunso awiri anachokera momwemo."

"Kunali fumbi tsiku limenelo."

"Fumbi lake losankha mutu?"

A Jaffalie anapsa mtima, monga amachitira munthu wogwidwa. Mutuwo unali wa milandu yogwirira akazi ndi ana, ndipo bukulo linkatchula chilichonse ndi dzina lake, osazungulira.

"Iwe mwana, ine ndine mjomba wako! Ndinakunyamula uli wakhanda. Pakamwa pomwe ndimaswalira kumzikiti pano ndikulaulire? Anthu amva chiyani?"

"Mayeso sadziwa zaumjomba. Kompyuta ija ilibe manyazi, koma ilibenso woitayipira. Ine ndili ndi inu basi."

Anabwerera kusukulu m'mawa mwake, atanena kuti adikira kasetiyo pa lole ya Lachisanu la sabata yotsatira.

Apa ndi pomwe a Jaffalie anayamba kusaka pakamwa pobwereka. Anapita kwa a Sefu, mphunzitsi wachinyamata wa pasukulu yawo yakale. A Sefu anawerenga mizere iwiri n'kuyamba kuseka kikiki ngati mwana wa sitandade wani, mpaka a Jaffalie anawalanda bukulo. Anapalasa njinga mpaka ku Malindi kukapempha namwino wina, poti anamwino amatchula zinthu zimenezi ngati akutchula tomato. Anam'peza ali ndi mzere wa othawa nkhondo wofika kumsewu, ndipo anawayankha osawayang'ana n'komwe kuti abwere mwezi wamawa. Akazi awo a Zena Chingerezi sankachidziwa, koma maganizo anali nawo.

"Ana asanu ndi awiri munabereka osatsokomola, lero chifuwa chachokera kuti?"

A Jaffalie anatuluka m'nyumba osamaliza tiyi.

Masiku anapita akulusira aliyense. Analusira wolemba bukulo chifukwa chosaleredwa, analusira aphunzitsi a ku yunivesite chifukwa chofunsa ana a eni zinthu zotere, analusira ngakhale azungu opanga kompyuta ija, obweretsa pakamwa popanda maso. Koma pansi pa ukali wonsewo panali mantha. Mwana anali atayenda ulendo wonsewo mumdima, ndipo womupunthwitsa sanali mdani ayi, anali iwo.

Lachinayi m'mawa anamangirira wailesi pakaliyala n'kupita kumunda, kutali ndi makutu a anthu. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, anatembenukira chulu, n'kudina batani. Mawu oyamba ovuta aja anawatchula ngati akumeza kwinini. Thukuta linatsika m'jekete. Pofika tsamba lachitatu uphunzitsi unawagwira, anaiwala manyazi n'kuyamba kumasulira mokweza monga mwa chizolowezi.

"Tamvera, Nasra. Akuti mkazi akapanda kuvomera, kaya anakuwa kaya mantha anam'tseka pakamwa, ameneyo wagwiriridwa. Kuvomera chifukwa choti akuloza mpeni kapena mfuti si kuvomera. Mlandu ndi wa mwamunayo. Wamva?"

"Ndamva."

A Jaffalie anadzidzimuka mpaka buku linagwa. Kuseri kwa chulu kunaima mayi Lusia, khasu lili m'manja. Anali mmodzi wa othawa nkhondo, yemwe anafika ndi mwana kumsana chaka chapitacho, ndipo a Zena anam'patsa kachigawo ka mundawo kuti azilima. Chifikireni, a Jaffalie anali asanamvepo mawu ake opitirira moni.

"Mayi, pepani. Izi n'zasukulu, si zanga ayi. Sindinadziwe kuti kuli munthu."

"Aphunzitsi, zimenezo zalembedwa m'buku la boma?"

"Eya, ndi lamulo."

"Ngakhale munthu sanakuwe?"

A Jaffalie anatola buku, anafufuza mzerewo ndi chala, ngakhale ankaudziwa. "Ngakhale sanakuwe."

"Nanga akakhala asilikali?"

"Silikupatula munthu."

"Likugwiranso ntchito kwathu kuja?"

A Jaffalie akanatha kunama, koma anali atanama kale kokwanira pa mutu umenewu. "Ili ndi la kuno, mayi. La kwanu sindilidziwa."

Mayi Lusia anagwedeza mutu ngati munthu yemwe sankayembekeza zambiri. Anaika khasu pansi n'kukhala chapatali, miyendo atatambasula.

"Amuna anga anati mlandu ndi wanga poti sindinakuwe. Anandisiya pamalire. Pitirizani, ndimve zonse."

Anapitiriza. Anawerenga masamba onse makumi awiri, ndime iliyonse n'kuimasulira pang'onopang'ono, osalumpha mawu ngakhale amodzi. Atamaliza ndi pomwe anaona kuti wailesiyo inali ikujambula nthawi yonseyi, ndipo zolankhula za mayiyo zalowa momwemo. Anachita manyazi aakulu.

"Mawu anu alowa mu kaseti. Musadandaule, ndifufuta pamenepo."

"Ikupita kwa ndani?"

"Kwa mwana wa mlongo wanga, wosaona uja. Akuphunzira kuti adzakhale loya."

Mayi Lusia anadzuka, anasansa chitenje, n'kunyamula khasu lake.

"Musafufute. Amve kuti amene akuwerengedwa m'bukumo ndani."

Lachisanu a Jaffalie anakulunga kasetiyo m'pepala, n'kukaipereka okha m'manja mwa dalaivala wa lole. Pamwamba pake analembapo dzina la Nasra, ndipo atakumbukira kuti wina adzam'werengera, anawonjezera kuti: "Mutu wonse. Umvere mpaka kumapeto."