Mlongo wa Sipikala

Mayi wosita anakalambira m'kachipinda ka kuseri kwa Nyumba ya Malamulo, akusita mikanjo ya akuluakulu. Aphungu ankamudziwa ndi nsimbi yake basi. Palibe ankadziwa kuti Sipikala, bambo uja ankati akangokweza dzanja Nyumba yonse zii, anali mlongo wake wamng'ono.

Makolo atamwalira, iye anasiya sukulu kuti mlongo wakeyo aphunzire. Koma mwanayo anali nkhutukumve. M'mawa uliwonse ankachita kumukoka padzanja mpaka pakhomo la kalasi, akulira ngati akupita kokaphedwa. Maphunziro anadzamukoma atakula, kenako ndale.

Tsiku limene anasankhidwa kukhala Sipikala, aphungu awiri anamugwira manja n'kumukokera kumpando iye akunamizira kukana, monga mwa mwambo wa Nyumbayo. Anthu anafa nacho chiseko. Mayi wosita, akusuzumira pachitseko, anagwetsa misozi, poti woyamba kulikoka dzanja limenelo anali iye.

Madzulo ake Sipikala analowa m'kachipinda muja n'kutseka chitseko.

"Achemwali, kuno musamanditchule mlongo. Adani anga adzati ntchitoyi ndinakupatsani ndine."

"Iwe, suja unandipeza ndili kale muno?"

"Ndale simuzidziwa. Pirirani, tsiku lotsanzika ndidzakutchulani pamaso pa onse."

Anapirira zaka khumi, akusita mkanjo wa mlongo wake n'kumamugwadira m'makonde ngati mlendo. Zinkamuwawa, koma ankadikira tsikulo. Silinafike. Kutatsala sabata imodzi kuti atsanzike, Sipikala anagwa ali pampando, mbali imodzi itafa ziwalo, lilime litauma. Anzake andale anazimiririka mmodzimmodzi, paja ntchentche zimatsata pali fungo. Mayi wosita anasiya ntchito n'kukamusamalira. M'mawa uliwonse ankamukoka padzanja kuchoka pabedi kupita naye pampando wa pawindo.

Tsiku lina kunabwera phungu wina wakale kudzazonda.

"Bwana, mayi awa si aja ankatisitira? Mwapeza wantchito wokhulupirika."

Wodwalayo anapukusa mutu mwamphamvu. Anagwira mkono wa achemwali ake, anatsegula pakamwa, milomo ikunjenjemera, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Kunangotuluka malovu ndi misozi.

Mayi wosita anamupukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu yake, n'kuyang'ana mlendoyo.

"Inde bwana, ndine wosita uja."