Abambo Yesaya Namakhwa ndi Njira ya Njerwa

Abambo Yesaya Namakhwa anabadwira ku Nsabwe, m'banja lothyola tiyi. Sukulu anailekera panjira bambo awo atamwalira, n'kulowa ntchito pa esiteti m'gulu lokonza misewu ya mathirakitala. Ali komweko anabatizidwa, nakwatira amayi Margret. Mulungu sanawapatse ana, choncho analera Anderson, mwana wa mlongo wawo, kuyambira asanadziwe kuvala.

Tchalitchi chathu chili pamtunda. Mvula ikagwa dothi lofiira lija limaterera ngati sopo, ndipo okalamba ankangosungira Sabata pakhomo. Atapuma ntchito mu 1996, abambo Yesaya anaumba njerwa, kuwotcha, n'kuyala njira kuchokera pamsewu mpaka pakhomo la tchalitchi. Palibe anawatuma.

Ntchito yeniyeni inali kuisamala. Lachisanu lililonse ankazula udzu m'mipata ya njerwa, kudula mizu ya bulugama yolowa pansi, kutsegula ngalande ndi kuthira mchenga pomwe wakokoloka. Ngakhale ngolo sankailola, ati katundu wolemera amaswa njerwa. Amayi a gulu la Dorika akamasesa mwamphamvu, ankawaimitsa.

"Mchengawo si zinyalala, amayi. Ndiwo ukugwira njerwa. Mukauchotsa, madzi alowa pansi."

"Ndiye tisese ndi nthenga ya nkhuku, achimwene?" ankatero amayiwo.

"Mukaipeza, bweretsani."

Mu 2004 anadwala sitiroko, mwendo ndi dzanja lakumanzere zinafooka. Amayi Margret anayamba kuwakankha pa njinga ya olumala, ndipo popanda njerwa zija sakanafikanso kutchalitchi. Anaitana Anderson, amene panthawiyi anali dikoni, namupatsa khasu ndi fosholo.

"Ngalande, mwana wanga. Ndipo galimoto isaponde."

Anderson analonjeza.

Chaka chotsatira anagula lole yakale yonyamula nthochi kupita ku Limbe. Munda wake uli kuseri kwa tchalitchi, ndipo kuzungulira n'kutali. Anayamba kudutsa panjerwa. Sikuti sankadziwa, poti mchenga wa njirayo ankasenza ndi iye yemwe ali mnyamata. Njerwa zinasweka, zina zinatitimira, matayala anagumula ngalande. Mvula ya Januwale itabwera, madzi anakumba pansi n'kumaliza zotsala.

Sabata la Mgonero njinga inakanirira pakati pa mtunda. Abambo Yesaya anatsika. Nsapato zinatsalira m'matope, iwo anakwera opanda kanthu kuphazi, atatsamira akazi awo. Itakwana nthawi yosambitsana mapazi, amuna akusankhana awiriawiri, iwo anakodola Anderson. Anderson anagwada kuwasambitsa. Madzi a m'beseni anafiira, anakataya, anatunga ena, nawonso anafiira. Misozi ya Anderson inayamba kugwa.

"Malume, ndikhululukireni. Ndikonza."

"Ndinakhululuka kale. Bwera ndi ako."

Anamusambitsa ndi dzanja limodzi lija.

M'mawa mwake ali pamphasa anamva lole ikubangula pamtunda womwe uja. Anamvetsera mpaka inafika pamwamba.

"Tsekani zenera, amayi," anatero.

Sananenenso kanthu za nkhaniyi, kwa akulu a mpingo kapena kwa wina aliyense. Koma kutchalitchi sanafikekonso. Sabata lililonse ankavala jekete yawo, kukhala pakhonde, n'kumatsatira nyimbo zikamveka kuchokera pamwamba. Anderson akabwera ndi shuga ankamulandira bwino, kumufunsa za ana, kumupempherera. Amayi Margret okha ndiwo ankaona kuti akachoka, nkhalambayo sinkadya.

Anamwalira mu Juni 2007, masana, akazi awo akuwaimbira nyimbo. Anangotseka maso ngati munthu wotopa.

Tsiku la maliro Anderson anafika ndi lole, ataitsuka bwinobwino, kuti anyamule bokosi kupita kutchalitchi. Amayi Margret anadzuka pamphasa.

"Ayi, bambo. Pamapewa. Amalume ako sanapondetsepo tayala la galimoto panjira ija. Asayambe lero."

Anawanyamula pamapewa, achinyamata akuterereka, akulandizana.

Abale ndi alongo, ife amayi amene timakwera mtundawu ana ali kumsana tayamba kutola njerwa zamoyo n'kumaziyalanso, pang'onopang'ono. Amene ali ndi khasu abwere Lachisanu. Lole ikudutsabe, ndipo Anderson akadali dikoni. Abambo Yesaya akugona, akudikira lipenga.