Daw Sein Pu wa Kachisi wa Mileme

Daw Sein Pu anabadwira mkati mwa linga lakale la Bagan, mzinda wa akachisi ambirimbiri a chipembedzo cha Buda, m'nyumba ya nsungwi yomwe inatsamira pachipupa cha kachisi wakugwa. Bambo awo ankalima mtedza ndi chitowe pakati pa akachisi omwewo, ndipo khasu likagunda njerwa ankangoizula n'kuiponya kumalire a munda. Masana mbuzi zinkathawira dzuwa kumapazi a fano la Buda, iwo ali mwana n'kumakazitulutsa ndi kamtengo. Anali wamfupi kuyambira nthawi imeneyo, ndipo sanatalikenso.

Anakwatiwa ndi Hla Baw, mwamuna wosalankhulalankhula amene ankayendetsa ngolo ya hatchi. Ali ndi pathupi poyamba, galimoto yokhala ndi chimkuzamawu inazungulira mudzi wonse kulengeza kuti anthu asamuke, chifukwa malo amkati mwa linga akufunika akhale oyera kuti alendo aziwaona bwino. Anagwetsa nyumba ndi manja awo, n'kukweza mizati pangolo. Aboma anawapatsa malo m'munda wa mtedza kummwera, kopanda chitsime, kopanda ndi mtengo womwe woti n'kubisala dzuwa. Bambo awo anafika kumeneko, n'kukhala pansi, ndipo sanagwirenso khasu mpaka kumwalira kwawo. Mwana anabadwa fumbi lili koboo, wamkazi, ndipo anamutcha Moe Wah.

Kiyi wa kachisi anabwera naye ndi alamu awo, U Thaung Kyi, mkulu wake wa Hla Baw, munthu wa pakamwa posatseka. Mbava zinali zitayamba kudula mitu ya mafano m'akachisi akutchire, ndiye akuluakulu osamala zinthu zakale ankafuna mabanja oti aziyang'anira.

"Mlamu, ndakupezerani nyumba ya njerwa," anatero U Thaung Kyi. "Ya chipinda chimodzi, koma eni ake sadandaula, angokhala chete atapinda miyendo."

"Nanga inuyo osautenga bwanji kiyiyo?"

"Ine ndi wamtali. Masitepe ake anamangira anthu a msinkhu wanuwu."

Sananame. Kachisiyo anali wamng'ono, wopanda dzina lodziwika, ndipo anthu ankangoti kwa mileme. Mkati munali Buda wokhala pansi, dzanja limodzi litakhudza nthaka, ndi zojambula zakale pakhoma zomwe zinkaoneka pokhapokha ukawalitsa tochi. Koma chimene alendo ankadzera si chimenecho. M'kati mwa khoma lenilenilo munali masitepe opapatiza, amdima, otulukira padenga, ndipo padengapo munthu ankaona chigwa chonse, akachisi ali mbwee mpaka kumtsinje.

Moyo wawo unakhala womwewo. Kukacha, kuyenda wapansi kudutsa m'minda, kutsegula loko, kusesa ndowe za mileme, kuthira madzi atsopano m'kapu ya pamaso pa Buda, kuika maluwa. Kenako kudikira kulira kwa ngolo. Alendo akatsika, ankawalozera kumapazi kuti avule nsapato, n'kuwatsogolera ndi tochi, kukwera, kutsika, kukweranso. Pakhomo ankayala zithunzi zojambula ndi mchenga zomwe mnansi wawo ankapanga, ndipo ena ankagula, ambiri ankangomwetulira. Nkhope yawo, yopaka phala loyera loteteza kudzuwa m'masaya, inajambulidwa ndi anthu osawerengeka, koma iwo sanaonepo chithunzi n'chimodzi chomwe.

Hla Baw anamwalira Moe Wah akadali pasukulu. Chifuwa chinamugwira nyengo ya mvula, iye n'kumati chichira ndi uchema, mpaka tsiku lomwe analephera kukwera pangolo. Mwambo wa maliro utatha, Daw Sein Pu anakwera okha padenga la kachisi n'kuyang'ana phiri la kutsidya kwa mtsinje, kumene kunali nyumba ya masisitere a Buda. Anadziuza kuti mwana akangokula, iwo adzapita kumeneko, akameta tsitsi, akavala nsalu ya pinki, akakhala pansi n'kutseka maso osamvanso munthu akuitana.

Hatchi ndi ngolo anatenga ndi U Thaung Kyi, ndipo ndi amene tsopano ankabweretsa alendo.

"Mlamu, ndakubweretserani njovu ziwiri! Mukazikankhe m'masitepemo, zikakanirira musandiitane."

"Muzilankhula pang'onopang'ono, alamu, tsiku lina mudzakumana ndi womva chinenero chathu."

"Akamva adzaonda. Ndikhala ndamuthandiza."

Moe Wah anakula, koma m'malo mokwatiwa pafupi anapita ku Thailand kukagwira ntchito yosenda nsomba m'fakitale. Pa nthawi yomweyonso dziko linatseguka, ndipo alendo anasefukira ngati mtsinje wa mwezi wa mvula. Anabwera a mabasi, a njinga zamagetsi, ena mpaka kumauluka m'mwamba m'madengu opachikidwa kuzibaluni. Madzulo aliwonse padenga pankadzaza, miyendo ili lendelende m'mphepete, aliyense foni m'mwamba kudikira dzuwa kuti lilowe. Daw Sein Pu ankakhala pakhomo la masitepe, maondo akuwotcha, kudikira kuti womaliza atsike kuti akatole mabotolo. Za kuphiri zija anaziika pambali. Munthu ungachoke bwanji ntchito itangoyamba kubala?

Chivomezi chinawapeza m'masitepe momwemo, madzulo dzuwa likadali m'mwamba. Anali kutsika ndi mlendo mmodzi, chimunthu chachikulu cha ndevu zofiira, iye ali patsogolo. Poyamba anamva ngati lole ikudutsa pansi pa nthaka, kenako khoma linawakankha paphewa. Mileme yonse inabuka nthawi imodzi. Fumbi linadzaza mkamwa. Mlendo uja anangokhala pansi pamasitepe, kutseka njira yonse, manja kumutu, akulira ngati kamwana.

"Dzuka! Dzuka iwe, tifera muno!"

Sanamve, nanga akanamva bwanji? Daw Sein Pu anamukwapula ndi tochi pakati pa msana, kawiri, ndipo chachitatu anamuponda ndi phazi. Munthuyo anagubuduka mpaka pansi, iwo akutsetsereka pambuyo pake. Atangotuluka panja, nsonga ya kachisi inathyoka n'kugwera pamalo pomwe ankaphikira tiyi, ketulo n'kuphwatalala ngati tsamba. Chigwa chonse chinali utsi wofiira, uku ndi uku akachisi akufuka fumbi. Mlendo uja anawagwira dzanja osafuna kulisiya, akulankhula zambirimbiri, mphuno ikutuluka magazi. Iwo ankangofuna kukhala pansi, chifukwa bondo lakumanzere linali litapindika molakwika.

U Thaung Kyi anafika akuthamangitsa hatchi, nkhope ili mbuu. Atawaona ali moyo anapuma, kenako anayang'ana mlendoyo.

"Mlamu, uyu wamenyedwa ndi chivomezi kapena ndi inu?"

"Tonse awiri. Ndikwezeni pangolopo, alamu, mwendo wafa."

Bondolo silinabwererenso mwakale. Patapita nthawi akuluakulu analetsa kukwera pamwamba pa akachisi, ndipo anabwera amisiri kudzawotcherera chitseko chachitsulo pakhomo la masitepe. Daw Sein Pu anathokoza mumtima chifukwa cha maondo, koma alendo sanathokoze. Ankafika, kugwedeza chitsekocho, kuwanyengerera, ena kukwiya, kenako n'kukwera njinga zawo osalowa n'komwe kukaona Buda. Iwo ankayatsa tochi kuwalozera zojambula zapakhoma, anthu n'kusuzumira pang'ono ngati akuyang'ana mumphika wa eni, basi.

Kenako kunabwera mliri, misewu n'kukhala zii. Mliri usanathe bwinobwino kunayamba kumveka mfuti, ndipo amene ankati abweranso sanabwere. Mahotela anatseka mazenera. Ojambula zithunzi za mchenga anabwerera kukalima mtedza. U Thaung Kyi anayamba kunyamula migolo ya madzi pangolo yomwe kale inkanyamula azungu, hatchi nthiti zili pamtunda. Moe Wah ankaimba foni mwa apo ndi apo, mawu ake ali otopa kuposa a mayi ake, kunena kuti kubwera kunyumba panopa sikungatheke.

Daw Sein Pu ankapitabe. Ankatsegula, kusesa, kusintha madzi, n'kukhala pakhomo mpaka mthunzi utatembenuka. Udzu unamera m'njira ya ngolo. Tsiku lina atasesa anakhala pansi patsogolo pa Buda kuti apume pang'ono, ndipo pamene anati adzuke thupi linakana. Sikuti panali popweteka kuposa masiku onse ayi, kungoti sanapeze chifukwa chodzukira. Anakhala pomwepo mpaka U Thaung Kyi, podutsa ndi migolo yake, anaona chitseko chili pululu n'kulowa.

"Mwayamba kupikisana nawo eni nyumba pa kukhala chete?"

"Alamu, tengani kiyi uyu. Ine ndikupita kuphiri."

"Kuphiri kukatani? Mutu wanuwo ukametedwa udzaoneka ngati dzira la bakha."

"Uoneke. Ndatopa."

U Thaung Kyi anafuna kuseka koma anaona kuti sizoseka. Anakhala pansi pambali pawo, kutulutsa chingambwe chake, n'kukumbukira pamene ali, n'kuchibwezanso m'thumba.

"Ndiye ine, mwamuna wamkulu ndi imvi zangazi, ndizisesa ndowe za mileme?"

"Munaubweretsa ndinu kiyiyu. Wabwerera kwawo."

Anawaperekeza yekha kudooko, atawanyamulira kamtolo ka zovala, ndipo bwato likunyamuka anawakuwira kuti akakumbukire kuti masisitere sadya madzulo, asakabe mpunga wa eni.

Kuphiri anawalandira bwino. Anawameta, anawaveka nsalu ya pinki, anawapatsa mphasa pakona m'chipinda cha masisitere okalamba. M'mawa mwake mayi wamkulu wa pamalopo, Daw Nandasari, munthu woonda wa magalasi okhuthala, anawaitana n'kuwafunsa ntchito imene amaidziwa.

"Ndinkayang'anira kachisi, mayi. Kusesa, kulandira alendo."

"Mwabwera bwino. Amene ankasesa masitepe a kuchipata watisiya mwezi wathawu."

Daw Sein Pu anayang'ana tsache lomwe anawapatsa, kenako masitepe, omwe ankatsika phiri mpaka kubisika m'mitengo.

"Mayi, ndasesa moyo wanga wonse."

"N'chifukwa chake. Enawa amangosuntha fumbi."

Anatenga tsache lija. Anasesa. Anthu a m'midzi yapafupi ankabwerabe kudzapembedza masiku a mwezi wathunthu, n'kusiya makoko a mtedza ndi mapepala a maswiti, ndipo iwo ankatola monga kale. Nthawi yokhala pansi n'kutseka maso, yomwe anailakalaka zaka zonse zija, inalipo ndithu, masana aliwonse. Koma akangopinda miyendo n'kuyamba kutsatira mpweya wawo monga anawaphunzitsira, tulo tinkawaba. Masisitere anzawo ankagwirana m'nthiti.

"Achemwali, dzulo munafika patali zedi. Ife tonse tinamva mkonono wake."

"Ndisiyeni, inu munayamba kupuma muli atsikana."

Nyengo ya mvula masitepe anachita ndere, ndipo m'mawa wina bondo lija linawagwetsa. Sanathyoke, koma anawanyamula anthu awiri kukwera nawo phiri. Kuyambira pamenepo Daw Nandasari anawaika kukhitchini, pamkeka, kusankha timiyala mumpunga umene masisitere ankabwera nawo kuchokera kokapempha m'midzi. Inali ntchito ya lichero pamiyendo, msana utatsamira chipupa, ndipo akawodzera palibe amene ankawadzutsa.

U Thaung Kyi anabwera kudzawaona mvula itatha. Anakwera phirilo mopumira, ndipo atafika anayamba wakhala kaye pansi osalankhula, chinthu chomwe Daw Sein Pu anali asanachionepo. Anali ataonda, mano akutsogolo atachoka.

"Hatchi ija inafa," anatero. "Inangogona m'khola, osadzukanso."

"Pepani, alamu. Nanga kukachisi mukupita bwanji?"

"Wapansi, ngati inu. Miyendo yanuyo inali yachitsulo kodi? Ndipo mileme ija inu munkaidyetsa chiyani? Ndikasesa m'mawa, pofika masana ili yayambiranso."

"Alendo?"

"Anabwera mmodzi. Mkulu wina wa ku Korea, wokalamba ngati ife. Sanafunse n'komwe za padenga. Anagwada, analira pang'ono, n'kumapita. Ndinasowa chomuuza."

Anadya limodzi mpunga ndi nyemba nthawi ya chakudya isanathe. U Thaung Kyi anayang'ana mutu wawo wometa nthawi yaitali, ndipo Daw Sein Pu anadikira chipongwe, koma sichinabwere.

"Mlamu, bwererani. Kuja kulibe woyankhana naye. Ndimalankhula ndi Buda, iye osandibwezera."

"Sindingathe, alamu. Ngakhale kutsika phiri lokhali sindingathe."

"Ndikuberekani."

"Mungafe pa sitepe yachitatu, ine n'kutsala ndi mlandu."

Anaseka onse awiri, pang'ono chabe. Dzuwa litapendeka U Thaung Kyi ananyamuka kuti apeze bwato lomaliza. Daw Sein Pu anamupatsa kaphukusi ka masamba a tiyi oviika, amene kumeneko amadya ngati ndiwo, n'kumuuza kuti Moe Wah akaimba foni amuuze kuti mayi ake akudya bwino. Anamuyang'ana akutsika, dzanja limodzi litagwira chipupa, akuima pakona iliyonse. Atabisika m'mitengo, sisitere wophika anaitana kuchokera mkati kufunsa ngati mpunga wa mawa watha kusankhidwa. Daw Sein Pu anayankha kuti watsala pang'ono, n'kukokera lichero pamiyendo.